Girini Wofatsa: Musanagule Baketi, Funsani Kaye Chipupa Chanu

Ngati foni yanu imakhala ndi mabandulo, mtundu uwu mwauona kale. Uli kumbuyo kwa atsikana ojambula mavidiyo a pa TikTok, uli m'masaluni atsopano a mu Lusaka, ulinso m'malo omwera khofi kumene kapu imodzi imadya ndalama ya ndiwo za masiku atatu. Si girini wa pa mbendera, si wa jezi ya Chipolopolo, ndipo si uja wa minda ya mpunga ku Chama mvula ili pakati, wowala mpaka kuthobwa m'maso. Uyu ndi girini wofatsa, wotuwirako pang'ono, ngati tsamba la mango la m'mbali mwa msewu litavala fumbi la mu Seputembala. Ogulitsa penti amamutcha sage.

Manje mufunsa kuti nanga Chama yalowa bwanji m'nkhani ya penti? Yalowa chifukwa anzathu ambiri ali kumeneko. Mu 2022 boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000 ndi azaumoyo oposa 11,000, ndipo ena mwa achinyamata a m'tauni anapeza kuti atumizidwa kudera limene anali kungoliwerenga pa thumba la mpunga. Ku Chama kwa Asenga, dera limene linasamuka kawiri osanyamula katundu: mu 2011 linachoka ku Eastern kupita ku Muchinga, mu 2021 linabwereranso ku Eastern. Munthu akafika kumeneko, akalandira makiyi a nyumba ya zipupa zotuwa, chinthu choyamba chimene amafuna ndi chakuti pakhale ngati pakhomo.

Mu Lusaka, penti ikakulakwika, umakwera minibasi kupita ku Kamwala n'kukagula ina. Ku Chama, mtundu wapadera ngati uwu nthawi zambiri umabwera pa basi kudzera ku Chipata ndi Lundazi, ndipo amene anayendapo msewu umenewo nthawi ya mvula safuna kuuyenda kawiri chifukwa cha kachitini kamodzi. Mukalakwitsa, mugona nacho cholakwacho zaka ziwiri. Ndiye nzeru imene ingapulumutse munthu wa ku Chama ipulumutsanso inu a ku Chelstone, Kanyama kapena Kapata.

Girini ameneyu amapangidwa bwanji?

Tonse tinaphunzira ku pulayimale kuti buluu ndi yelo akakumana amabala girini. Koma girini ameneyo amakhala wa phokoso. Kuti afatse, amathiramo gireyi, kapena kadontho ka mtundu wofiira. Wofiira ndi girini ndi mitundu yotsutsana, ndiye ikakumana imathyolana mphamvu, monga mmene kamchere kamathyolera kuwawa kwa mango osapsa.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti girini wofatsa si mmodzi. Pali mabanja atatu. Pali wopendekera ku yelo, ngati mkati mwa kotapela pafupi ndi khungu. Pali wopendekera ku buluu, ngati tsamba la bulugamu. Pali wopendekera ku gireyi, ngati mfutso wa chibwabwa umene ambuya ayanika pa mphasa. Pa kakhadi ka m'sitolo onsewa amaoneka ngati ana a mayi mmodzi. Pa chipupa, aliyense amaonetsa khalidwe lake.

Fashoni yake inakula kwambiri cha mu 2022, pamene makampani angapo a penti a ku America anasankha girini wotere kukhala mtundu wa chaka. Sherwin-Williams anasankha wotchedwa Evergreen Fog, ndipo Benjamin Moore anasankha October Mist, dzina lonena za nkhungu ya mu Okutobala. Amene anakhalapo ku chigwa cha Luangwa mu Okutobala aseke chabe, chifukwa nkhungu yokha imene mungaione mwezi umenewo ndi fumbi ndi utsi wa lupsa.

Koma kukonda girini m'nyumba sikunayambe ndi TikTok. Kale mu 1914, dokotala wina wa opaleshoni ku San Francisco, Harry Sherman, anaona kuti zipupa zoyera mbee zimamuthobwa m'maso akamagwira ntchito, ndipo anasintha chipinda chake kukhala cha girini. Diso limapuma bwino pa mtundu wosawala kwambiri. Tinene chilungamo pano: diso ndi limene limapuma, osati thupi. Ngati nyumba ili ndi malata opanda siling'i, penti ya girini siichotsa kutentha ngakhale pang'ono. Musagule penti poganiza kuti mwagula fani.

Foni imanama, chipupa sichinama

Kuli nasi wina wake, mtsikana wa ku Lusaka, amene anaona chithunzi cha balaza lokongola pa Facebook. Anatumiza chithunzicho kwa mlongo wake ati, "Nigulileko yamene iyi, usasinthe." Baketi inafika pa basi, penta anapaka, ndipo masana zinali bwino ndithu. Usiku atayatsa babu lake la sola, balaza lonse linasanduka ngati simenti yonyowa. Anaimba foni akukalipa ati, "Iwe, wanigulila gireyi!" Mlongo uja sanalakwitse. Penti inali yomweyo. Chimene chinasintha ndi kuwala.

Nayi mfundo yake. Galasi la foni limatulutsa kuwala kwakekwake. Chipupa sichitulutsa kanthu, chimangobweza kuwala kumene chalandira. Mtundu wowala kwambiri umalimbana ndi babu lililonse n'kukhalabe womwewo. Mtundu wofatsa ndi wamanyazi, umatengera amene wamuyandikira.

Yang'anani pa kabokosi ka babu lanu. Mukaona palembedwa 6500K, babu limenelo ndi loyera mopendekera ku buluu, ndipo mababu ambiri a sola ndi otchaja amene tinadzaza m'nyumba nthawi ya load shedding ya 2024 ndi otero. Amakankhira girini wanu ku gireyi wozizira. Mukaona 2700K kapena 3000K, limenelo ndi lachikasu, ndipo limadzutsa yelo amene ali mkati mwa girini, chipinda n'kuoneka chofunda.

Windo nalonso lili ndi mawu. Chipinda choyang'ana kumadzulo chimalandira dzuwa lofiira la madzulo, ndipo girini amapendekera ku bulauni. Chipinda cha kawindo kang'ono, kophimbidwa ndi khonde kapena mtengo wa mango, chimadetsa mtundu uliwonse.

Ndiye pali pansi. Nyumba zathu zambiri zili ndi simenti yofiira yopakidwa polishi mpaka kuwala. Pansi potero pamaponya kuwala kofiira pa chipupa. Mwakumbukira zija tanena, kuti wofiira amathyola girini? Girini wa bulugamu pamwamba pa simenti yofiira amakangana nayo tsiku lonse. Wa kotapela kapena wa mfutso ndiye amagwirizana nayo, makamaka mukayala mphasa pakati.

Mankhwala ake ndi otchipa. Gulani kachitini kakang'ono kaye. Pakani bwalo la mita imodzi pa zipupa ziwiri, china choyang'anana ndi windo, china cha kumdima. Pakani kawiri, dikirani iume, chifukwa penti yonyowa ndi youma sizifanana. Kenako iyang'aneni m'mawa, masana, ndi usiku mutayatsa babu limene mumagwiritsa ntchito masiku onse. Chitani zimenezo masiku awiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo mukamakayika pakati pa mitundu iwiri ya pa khadi, tengani wopepukirapo, chifukwa mtundu ukadzaza chipupa chonse umaoneka wamphamvu kuposa mmene unalili pa kapepala.

"Nizasakaniza na maso, ba teacher"

Mphunzitsi wina anafuna kupulumutsa ndalama. Anagula baketi ya PVA yoyera ndi timabotolo ta utoto wothira m'penti, n'kuitana penta wa pa msika. Penta ati, "Osada nkhawa ba teacher, ine nimasakaniza na maso." Ndipo zoona, anasakaniza bwino. Vuto linabwera penti itatha kutatsala chipupa chimodzi ndi theka. Anasakaniza ina, ndi maso omwe aja. Lero balaza la aphunzitsi lili ndi girini wa mitundu iwiri, ndipo malire ake akudutsa pakatikati, pamwamba pa TV. Alendo amafunsa ngati ndi sitayilo.

Girini wofatsa ndi wovuta kumubwereza chifukwa amadalira timadontho. Kadontho kamodzi kofiira kakachuluka, mwalowa mu bulauni. Njira yotsimikizika ndi kugula ku sitolo ya hadiweya imene ili ndi makina osakanizira penti, monga amene ogulitsa Plascon kapena Dulux amakhala nawo. Mtundu uliwonse uli ndi dzina ndi nambala. Jambulani nambalayo pa foni, ilembeninso kumbuyo kwa chitseko. Tsiku limene mudzafune kuwonjezera, mudzangotumiza nambala, osati chithunzi.

Ngati mwasankha kusakaniza nokha, sakanizani yonse nthawi imodzi m'chidebe chimodzi chachikulu. Thirani utoto pang'onopang'ono, takasani mpaka pansi, ndipo sungani lita imodzi m'chitini chotseka bwino yodzakonzera pamene pakalika. Ngakhale mwagula zitini ziwiri za nambala imodzi, ziphatikizeni musanayambe.

Kuti penti isakuthereni pakati, werengani. Tiyerekeze chipinda cha mamita 4 m'litali, 3 m'lifupi, ndi 2.7 kupita m'mwamba. Kuzungulira chipinda ndi mamita 14. Mukachulukitsa ndi 2.7 mupeza masikweya mita pafupifupi 38. Chotsani 4 a chitseko ndi windo, atsala 34. Kupaka kawiri ndi 68. Pa chitini amalemba malo amene lita imodzi imaphimba. Ngati alemba 8, mufunika malita 8 ndi theka, ndiye zitini ziwiri za malita 5 zikukwanirani, n'kutsalako yosunga. Pulasitala yokhakhala imamwa maningi kuposa pamenepo, choncho onjezerani. Ndipo penta akayamba kuthira madzi ngati akuchepetsa thobwa la pa ukwati, muimitseni. Madzi oyenera alembedwa pa chitini. Penti yosukuluka imaonetsa mizere, ndipo pa girini mizere siibisika.

Chipupa chikonzeke kaye

Penti ili ngati chitenge chatsopano: sichibisa thupi losasamba. Musanatsegule chitini, sisitani chipupa ndi dzanja. Dzanja likayera ngati mwagwira ufa, pamenepo pali laimu kapena penti yakale yofumbutuka, ndipo yatsopano idzasupuka nayo limodzi. Palani, pukutani fumbi, pakani pulaima.

Pulasitala yatsopano ipatseni milungu inayi kuti iume. Simenti yosauma imatulutsa mchere umene umadya mtundu, n'kusiya mawanga oyera. Pa chipupa cha kirimu mawanga amenewo amabisala, pa girini amaonekera kuchokera pakhomo. Ngati m'munsi mwa chipupa mumatupa ndi kuyera chaka chilichonse nthawi ya mvula, chimenecho ndi chinyezi chochokera pansi. Konzani kaye kumene madzi a padenga akugwera, apo ayi mukutaya ndalama.

Nyumba zambiri zakale za boma zili ndi penti ya mafuta yonyezimira kuyambira pansi kufika m'chiuno. PVA siigwira pamenepo pokhapokha mutakwecha ndi sandipepa n'kupaka andakoti. Pokwecha, nyowetsani chipupa, vindikirani mphuno, ndipo ana ndi amayi oyembekezera atuluke, chifukwa penti zina zakale za mafuta zili ndi mtovu, umene umaononga ubongo wa mwana. Girini ali ndi mbiri yake pa nkhani ya poizoni. Mu 1775, Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden anapanga girini wokongola wokhala ndi arsenic, ndipo anthu a ku Ulaya anamuika m'zipinda zawo kwa zaka zambiri. Ngakhale pepala la pa chipupa la nyumba imene Napoleon anaferamo pa chilumba cha St Helena mu 1821 linapezeka ndi poizoni ameneyu. Penti ya madzi ya masiku ano ilibe zimenezo, koma tsegulanibe mawindo.

Sankhaninso kawalidwe. Girini wofatsa amakongola akakhala wosanyezimira. Mukamupaka wa mafuta wonyezimira, balaza limaoneka ngati podikirira pa kiliniki. Koma PVA yotchipa kwambiri siitsukika, ndipo kumene kuli fumbi, ana ndi utsi wa mbaula, mufunika penti yopukutika ndi kansalu konyowa. Funsani yotsukika, yowala pang'ono chabe, makamaka ya m'khichini ndi m'njira yopita kuzipinda.

Mwezi wopakira, ndi nkhani ya udzudzu

Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mvula yatha, zipupa zauma, kutentha sikunafike. Mu Okutobala ku chigwa, penti imauma rola isanabwerere, ndipo pamene mizere iwiri yakumana pamatsala chipsera. Ngati palibe kuchitira mwina, yambani m'mamawa, malizani chipupa chimodzi chonse osapumira pakati, dzuwa likakwera tsekani chitini.

Pali chifukwa china chachikulu kuposa kukongola. Mvula isanayambe, azaumoyo amayenda m'makomo kupopera mankhwala a udzudzu m'zipupa. Mankhwala amenewo amagwira ntchito atakhala pamwamba pa chipupa, pamene udzudzu umatera ukamaliza kuluma. Mukapaka penti atapopera kale, mwakwirira mankhwala, ndipo mwatsegulira malungo chitseko nyengo yonse. Pakani kaye, penti iume, opopera abwere pambuyo. Mzimayi wina anawabweza pakhomo ati, "Awe, muzaniwonongela penti yanga." Amayi, penti mudzapakanso chaka china. Mwana akadwala usiku mitsinje itadzaza, chipupa chokongola sichimunyamula kupita ku chipatala.

Nanga muikemo chiyani?

Okongoletsa nyumba ali ndi kamuyezo kosavuta: 60, 30, 10. Gawo lalikulu likhale mtundu wa chipupa. Gawo lachiwiri likhale mtundu wofatsa wothandizira, monga kirimu, bulauni wa thabwa kapena mtundu wa udzu wouma, pa mipando ndi makatani. Kagawo kotsala ndi ka mtundu wa phokoso, kongodzutsa maso.

Apa ndi pamene wa ku Chama amaposa wa ku Kabulonga. Zimene ena amagula modula m'masitolo a zokongoletsa, inu muli nazo pafupi: mphasa ya bango, malichero atatu opachika pa chipupa, mtsuko wadothi pakona, katebulo ka mukwa kopangidwa ndi kalipentala wa pa boma. Girini wofatsa amakonda zinthu zochokera m'nthaka. Pa kagawo ka phokoso, sokani makushoni awiri a chitenge cha orenji kapena chofiirira ngati njerwa. Siling'i, ngati ilipo, ikhale yoyera. Mafelemu a zitseko ndi mawindo akhale oyera mopendekera ku kirimu, osati oyera mbee.

Chimene simuyenera kuchita ndi chija anachita mudala wina amene anaukonda mtundu mpaka kupitirira. Chipupa girini, chitseko girini, makatani girini, mpaka mpanda wa panja. Aneba anayamba kufunsana ngati patsegulidwa ofesi ya chipani. M'dziko muno mitundu imalankhula, mukudziwa inu. Ngati chipinda n'chaching'ono kapena chamdima, pakani girini chipupa chimodzi chabe, chija cha kumbuyo kwa sofa kapena kumutu kwa bedi, zinazo zikhale kirimu. Mwapulumutsa ndalama, ndipo chipinda chapuma.

Ba landlord mwawauza?

Banja lina lachinyamata linapaka nyumba ya lendi bwinobwino pokonzekera abale obwera ku mwambo wa Kwenje kwa a Kambombo. Ba landlord atalowa anayamikira maningi, ati, "Nyumba yanga yawama." Mwezi wotsatira lendi inakwera, chifukwa nyumba yokongola chotero siingakhale pa mtengo wakale. Ena zimawachitikira mwa njira ina: tsiku losamuka amauzidwa kuti abweze mtundu umene anaupeza, ndi ndalama zawo.

Kambiranani musanagule ngakhale burashi. Mtundu avomereza? Ndalama ya penti ichotsedwa pa lendi kapena ayi? Mukamachoka mudzasiya momwemo? Zimene mwagwirizana zilembedwe, ngakhale pa WhatsApp, ndipo uthengawo musaufufute. Ngati ndi nyumba ya pa sukulu kapena ya pa chipatala, funsani akulu a pamalopo. Safunsa anadya phula.

Tsono malipiro akalowa mwezi uno, musathamangire baketi ya malita 20. Yambani ndi kachitini kamodzi, burashi imodzi, ndi masiku awiri. Girini amene anakongola m'nyumba ya munthu wa pa TikTok anakongola chifukwa cha windo lake, babu lake ndi pansi pake. Zanu ndi zina. Chipupa chanu chikavomera m'mawa, masana ndi usiku, pamenepo ndiye imbirani wa ku Chipata akweze baketi pa basi.